Alendo ndi Amayi Pabwalo: Gule Wamkulu ndi Masewero a Makono

M'mwezi wa Julayi, nthawi imene chisanu cha m'phiri la Dedza chimalowa mpaka m'mafupa, tinacheza madzulo ena ndi mnyamata wa ku seminale amene anabwera kudzathandiza pa parishi. Iye anatulutsa kompyuta yake natiwonetsa sewero limene anzake amalikonda. M'sewerolo munthu amasanduka ngwazi ya m'dziko longopeka, nayendayenda m'midzi ndi m'mizinda, kumenyana ndi zinjoka ndi kufunafuna chuma chobisika. Ngwaziyo sinatikope mtima kwenikweni. Maso athu anagwera pa khamu la anthu amene inkawapitirira m'njira: wosula zitsulo, mlonda wa pachipata, mayi wogulitsa buledi pamsika. Anthu amenewa wosewera sawayendetsa ayi. Anaikidwamo kale ndi amene anapanga sewerolo, ndipo Azungu amawatchula ndi zilembo zitatu, NPC. Ife muno tiwatcha anthu a m'mphepete. Mayi wa bulediyo tinamuyandikira katatu, ndipo katatu konse anatiuza mawu amodzimodzi.

Masewero otere sanayambire pa kompyuta. Kholo lawo ndi Dungeons & Dragons, limene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa ku America m'chaka cha 1974. Limeneli limaseweredwa pa tebulo. Aliyense amatenga ngwazi imodzi, ndipo munthu mmodzi, woyendetsa sewero, amayankhulira ena onse otsala, kaya ndi mfumu, kaya mfiti, kaya wopemphapempha. Tsono pa anthu a m'mphepetewa pabuka mkangano kumaiko a Azungu. Ena amadandaula kuti khamulo limakhala la amuna oyera khungu okhaokha, ndi kuti mitundu ina ikaonekamo imaoneka ngati adani kapena zoseketsa. M'chaka cha 2020 kampani ya Wizards of the Coast, mwini wa Dungeons & Dragons, inavomera poyera kuti mitundu yake yongopeka ya orc ndi drow inkafotokozedwa mofanana ndi m'mene mitundu yeniyeni ya anthu yakhala ikunyozedwera, ndiponso kuti anthu ake otchedwa Vistani ankakumbutsa mabodza akale onenera a Roma. Patangopita zaka ziwiri kampani yomweyo inapepesanso chifukwa cha a Hadozee, mtundu wonga anyani umene m'nkhani yake unali utagwidwapo ukapolo. Koma ena amayankha kuti kusakaniza mitundu m'sewero ndi kunamiza mbiri yakale pofuna kusangalatsa anthu a lero.

Mlandu wa ku America sitiuweruza ife. Chimene tinaona pamene mnyamata uja ankafotokoza ndi chakuti funso lenileni si lachilendo kwathu kuno. Munthu mmodzi woyankhulira mfumu, mlendo ndi mkazi, zimenezi makolo athu anazidziwa kale pabwalo la Gule Wamkulu.

Amene watsika msewu wa Khwekhwerere kukafika ku Mua, kumene a White Fathers anatsegula mishoni m'chaka cha 1902, adziwa chipinda cha zigoba mu nyumba ya Chamare. Bambo Claude Boucher Chisale, amene anayambitsa Kungoni m'chaka cha 1976, anasonkhanitsa m'menemo zigoba zoposa 400, ndipo m'chaka cha 2012 anatulutsa buku lalikulu lozifotokoza, When Animals Sing and Spirits Dance. Munthu ukaima m'chipindamo umazindikira msanga kuti Achewa sanajambule mudzi wa Achewa okhaokha. Muli Chadzunda, nkhalamba yakuda ya makwinya, tate wa zilombo. Muli Simoni, wa nkhope yofiira ngati Mzungu wopsa ndi dzuwa. Ndipo Gule ali ndi ogula akapolo, ali ndi wankhondo wachingoni, ali ndi galimoto ndi helikopita yomwe. Bungwe la UNESCO, limene linalemekeza Gule Wamkulu m'chaka cha 2005, linatchulapo za kusakanizika komweku.

Tiyambe taulula chinthu chimodzi. Tikudziwa kuti pabwalo sipanenedwa kuti m'chilombo muli munthu. Eni mwambo amati zilombo zimachokera kumanda kapena zimavuulidwa m'madzi, ndipo ife tiwalemekeza. Sitiulula kanthu kamene sikanalembedwe kale ndi Bambo Schoffeleers kapena Bambo van Breugel. Koma funso lathu silingafunsike popanda kunena kuti kudambwe kumalowa amuna ometa, ndi kuti nkhope zonsezi, ya mlendo ndi ya mkazi yomwe, zimachokera kumeneko.

Pa nkhani ya alendo Gule ali ndi chilungamo chimene masewero ambiri a makono alibe. Dziko la Dedza silinakhalepo la mtundu umodzi. Angoni a Maseko anakhazikika cha ku Domwe m'zaka za m'ma 1870, ndipo mpaka lero kuli mipando ya Kachindamoto ndi Kamenyagwaza. Ayao a Tambala ali kumpoto kwa bomali. Kenaka anafika Azungu a boma, amene anapha Gomani m'chaka cha 1896, ndi Azungu a mishoni, ndi Amwenye a masitolo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 midzi ya m'malire inadzaza ndi abale athu othawa nkhondo ku Mozambique. Gule sanatsinzine. Chilichonse chachilendo chimene chinagwedeza mudzi anachisemera nkhope nachilowetsa m'bwalo limodzi ndi mizimu ya makolo. Ndipo tisaiwale kuti zilombo zimavina pamaliro ndi pachinamwali, nthawi zimene mudzi umadziyang'ana wokha. Kuika mlendo pamenepo ndi kuvomera kuti mlendoyo ali kale m'kati mwa moyo wa mudzi, kufuna kaya kusafuna.

Komatu tifunse: mlendoyo amalowa bwanji? Kawirikawiri amalowa ngati chenjezo kapena ngati choseketsa. Simoni amavala sutu ya nsanza, amayenda monyada, ndipo anthu amaseka. Wogula akapolo amaopsa. Palibe mmodzi wa iwo amene amayankhula chinenero chake kapena kufotokoza chimene chinamuchotsa kwao. Tanthauzo lake lonse lili mu chimene Mchewa ayenera kuphunzira pomuona. Apa ndiye kuti afanana ndi mayi wa buledi uja, amene alipo chifukwa cha ngwazi basi.

Woteteza Gule ali ndi mayankho awiri, ndipo onse ndi olemera. Loyamba ndi lakuti pabwalo amasekedwa aliyense. Mfumu yadyera, mkamwini waulesi, chidakwa, wachiwerewere, onsewa ndi Achewa ndipo ali ndi zigoba zawo. Mlendo akasekedwa ndiye kuti walandira mbale imene eni mudzi amadyeramo. Yankho lachiwiri ndi lakuti chiseko chimenechi chinali cha wofooka kuseka wamphamvu. Amene ankasemedwa anali ndi nthungo, mfuti, msonkho kapena sukulu, pamene wosema anali ndi kasemasema ndi ng'oma chabe. Ian Linden, m'buku lake la 1974 lonena za Akatolika ndi Achewa m'dziko la Nyasaland, anaonetsa m'mene Nyau inaliri linga la anthu wamba polimbana ndi mishoni, makamaka m'zaka za m'ma 1920 pa mikangano ya sukulu. Apa pali kusiyana kwakukulu ndi a Hadozee aja, amene anapekedwa ndi kampani yamphamvu kuchokera pa zipsera za anthu ofooka.

Yankho lachiwirili tikulivomera, koma lili ndi malire. Mphamvu imasintha manja. Kuyambira 1968, pamene Chichewa chinakhala chinenero cha dziko lonse, ndi m'zaka zonse za ulamuliro wa Kamuzu Banda pamene Gule ankavinidwa pa misonkhano ya boma, Mchewa sanalinso munthu wobisala kumapanga. Chigoba chimene chinali chishango cha wothawa chingathe kukhala ndodo m'dzanja la wopambana, mtengo wake usanasinthe n'komwe. Mwana wachiyao kapena wachingoni amene waima kumbuyo kwa bwalo lero akamva anthu akuseka nkhope yonga ya agogo ake, mbiri ya zaka zana zapitazo simutonthoza.

Pali china chimene chimatidabwitsa, ndipo sitinachione chikukambidwa mokwanira. M'mudzi wa chikamwini mwamuna wokwatira ndi mlendo. Nyumba ili pa dothi la mbumba ya mkazi wake, ana ndi a kuchikazi, ndipo mawu otsiriza ndi a malume. Choncho amene amavina alendo pabwalo, ambiri a iwo ndi alendo m'mudzi momwemo. Bambo Schoffeleers anaona mu Nyau kulimbana kwa amuna ndi akazi m'chikhalidwe chotere. Ife tiwonjezere kuti mwina nchifukwa chake nkhope ya mlendo mu Gule siikhala ya chidani chokhachokha. Wosema akudziwa kukoma ndi kuwawa kwa kukhala pa eni. Paja akuluakulu amati mlendo ndi mame, komanso amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo miyambi iwiri yonseyi imavina pabwalo.

Nkhani ya amayi ndiyo yovuta koposa. Chilombo chachikazi chodziwika kwambiri ndi Mariya, mkazi wa Chadzunda. Dzinalo aliyense akudziwa kumene linachokera, ndipo amishoni oyamba analimva ngati chipongwe kwa Amayi athu, monga anamvera pa Simoni ndi Yosefe. Sitinganene kuti analakwa kotheratu, pakuti pa nthawi ya mkangano chipongwe chinalipo. Koma taonani kumene Gule anamuika. Simoni anatsala mlendo wa panja, pamene Mariya anakwatiwa ndi tate wa zilombo, nakhala chitsanzo cha mkazi wodekha ndi mayi wa mudzi. Chadzunda amalowa m'bwalo motsimphina ngati nkhalamba, koma akavina ndi Mariya mphamvu zimabwerera. Mlendo wamwamuna amasekedwa, mlendo wamkazi amalowetsedwa m'nyumba. Ulemu ulipo ndithu, koma ndi ulemu wa mkazi monga mwamuna amamufunira. Kudekha kwake, kayendedwe kake, manyazi ake, zonsezo anazilingalira amuna kudambwe.

Pamwamba pa onse pali Kasiyamaliro, wolukidwa ngati nyama ya m'tchire, amene amatuluka pamaliro ndi pachinamwali ndipo amamvedwa ngati mayi wa mtundu, mimba yobala ndi yolandira akufa. Palibe chilombo chimene chimalemekezedwa kumuposa. Koma tione kuti ukazi wolemekezeka koposawu ulibe nkhope ya munthu. (Ife alaliki tisafulumire kuloza chala. Timadziwa kutamanda umayi ndi mawu okwera, chikhalirecho mayi weniweni wa m'mphakati sitinamufunse maganizo ake pa za chuma cha parishi.)

Kodi tsono tinene kuti mu Gule amayi ndi anthu a m'mphepete? Amene anangoona zigoba pakhoma anganene choncho. Amene anaima pabwalo sangatero. Chilombo sichivina bwino popanda amayi. Ndiwo amaomba m'manja, ndiwo amavomera nyimbo imene Kapoli watsogolera ndi mawu ake aang'ono aja, ndiwo amafupa kapena kumana. Akazizira, mbalule ingalire chotani, gule amazizira. Pa nyimbo zolaula za pamaliro, zimene zinakhumudwitsa amishoni kwambiri, amuna ndi akazi amabwezerana, ndipo amayi satsala m'mbuyo. Mawu a mkazi mu Gule sali m'chigoba cha Mariya, ali m'khamu loimba. Ndipo mapiri athu omwewa ali ndi umboni wina. M'mapanga a Chongoni, amene UNESCO inawalemba m'chaka cha 2006 ndipo ali ndi malo 127, muli zojambula zoyera zimene akatswiri amazigwirizanitsa ndi chinamwali cha atsikana. Kumeneko, kumene anamkungwi ankaphunzitsa popanda mwamuna, sanajambule mkazi wodekha wa nkhope yosalala. Anajambula zizindikiro zonga nyama zotambasula miyendo, zimene tanthauzo lake analisunga okha. Amayi akapatsidwa khoma amajambula zina, osati zimene ife amuna timawasemera.

Apa maphunziro athu a filosofi angatithandize pang'ono. Liwu la Chilatini lakuti persona, limene Eklezia analitenga pofotokoza za Utatu Woyera ndi za ulemu wa munthu, poyamba linkatanthauza chigoba cha m'masewero, ndipo Boethius anakumbutsa zimenezi pamene ankalitanthauzira. Ulendo wa liwuli, kuchoka pa chigoba kufika pa munthu amene sangasinthanitsidwe ndi wina, ndiwo ulendo umene munthu wa m'mphepete aliyense amayembekeza. Emmanuel Levinas, m'buku lake la 1961, anaika maziko a khalidwe pa nkhope ya munthu wina, imene imandifunsa mlandu ndisanaidziwe n'komwe. Chigoba chimanena chimene wosema anafuna. Nkhope ingathe kunena chimene sitinayembekeze. Choncho muyeso umene tikupereka si wakuti m'bwalo kapena m'sewero muli mitundu ingati ndi akazi angati. Muyeso ndi wakuti kodi munthuyo angayankhe, ndipo yankho lake lingasinthe nkhani?

Amene amawerenga Marko 7 akudziwa chitsanzo. Mayi wa ku Siro-Fenisiya ali ndi zonse za munthu wa m'mphepete: ndi mkazi, ndi wa mtundu wina, dzina lake silinalembedwe, ndipo amaoneka kamodzi kokha. Koma atakanidwa amabweza mawu, ndipo nkhani imatembenuka chifukwa cha mawu akewo. Mlembi wa luso lochepa akanamusiya akugwada chete.

Ndi muyeso umenewu mbali zonse ziwiri za mkangano wa Azungu zimaoneka zoperewera. Amene amadetsa khungu la mlonda ndi kusandutsa wosula zitsulo kukhala mkazi, koma n'kuwasiyira mawu amodzimodzi aja, angopaka utoto wina pa chigoba chakale. Si chabe ayi, pakuti mwana amene waona nkhope yonga yake pamsika wa m'sewero waphunzira kuti dziko la maloto nalo lili ndi malo ake. Koma ndi chiyambi chabe. Amene amabisala kumbuyo kwa mbiri yakale nawonso ayenera kufunsidwa kuti mbiri yake iti. Sewero la Kingdom Come: Deliverance, la m'chaka cha 2018, lonena za dziko la Bohemia mu 1403, linatetezedwa ndi eni ake pa mfundo imeneyi, koma gawo lake lachiwiri la 2025 linabwera ndi Musa, munthu wophunzira wochokera ku Mali. Za ku Bohemia adziwa eni. Za kwathu tikudziwa ife. Wina atafuna kupanga sewero la ufumu wa Maravi, likulu lake likanakhala Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma lathu lino, kumene Yusuf Juwayeyi anafukula mikanda ya galasi ndi zidutswa za mbale za ku China. Pambali pa Kalonga pakanakhala Nyangu, ndipo mvula ikanapemphedwa kwa Makewana ku Msinja. Sewero lokhulupirika ku mbiri likanadzaza ndi amayi audindo ndi katundu wa alendo. Ngakhale posachedwapa, kuyambira 2003, mpando wachingoni wa Kachindamoto unakhala ndi mayi, Theresa Kachindamoto, amene anadziwika kutali chifukwa chothetsa maukwati a ana. Moyo weniweni wa Dedza wakhala wosakanizika kuposa zigoba zake.

Nchifukwa chake timayang'ana ndi chidwi ntchito zonga Aurion, sewero limene anyamata a Kiro'o Games ku Yaoundé m'dziko la Cameroon anatulutsa m'chaka cha 2016, la mfumu Enzo ndi mkazi wake Erine. Kumeneko chasintha si utoto wokha, wasintha ndi amene ali m'kati mwa chigoba. Komabe Mwafirika nayenso angathe kusema mnansi wake mwaulesi. Gule watiphunzitsa kale zimenezo.

Pa nyumba ya Chamare tili ndi kuthokoza ndi dandaulo. Kuthokoza nkwakuti Bambo Boucher sanangosonkhanitsa mitengo yosemedwa. Analemba nyimbo ndi matanthauzo, ndipo nyumbayo inapatsa Angoni ndi Ayao malo awoawo, kuti mlendo amene waona Mngoni wa m'maso mwa Mchewa akaonenso Mngoni wa m'maso mwa Angoni. Kumeneku ndi kukonza kwakukulu, makamaka pochokera ku mishoni imene kale m'mabuku ake anthu a Nyau ankaoneka ngati khamu lopanda maina lotsekereza ana kusukulu. Ifenso tinali ndi anthu athu a m'mphepete. Dandaulo ndi lakuti chigoba chikapachikidwa pakhoma chimasiya fumbi, ng'oma ndi amayi oimba kunja. Mlendo wochokera kutali amaona Mariya koma samva amene amamuyankha, ndipo amabwerera kwao akuganiza kuti waona Gule.

Abale athu a m'seminale, nkhaniyi ikukhudzani pafupi kuposa m'mene mungaganizire, pakuti wolalika ndi woyendetsa sewero. Paguwa amayankhulira anthu onse a m'zitsanzo zake, ndipo palibe amene angaimirire kumutsutsa. Tamvapo maulaliki ambiri, ena a ife tomwe, m'mene wamiseche amakhala mayi nthawi zonse, woledzera amakhala Mngoni, wakuba pamsika amakhala wa mtundu wakutiwakuti, ndipo mpingo umaseka. Taonaponso masewero a Lachisanu Loyera m'mene Ayuda amavekedwa ngati zigawenga, patapita zaka zambiri chilembedwere Nostra Aetate m'chaka cha 1965. Wa Gule ali ndi chodzitetezera chimene ife tilibe: pabwalo pake amayi amabweza nyimbo, pamene m'tchalitchi mwathu amangoti amen.

Ntchito imene tikuona kuti yatsala ndi ya kumbali ya oimba. Zolembedwa zimene tili nazo pa Gule zinayambira pa chilombo ndi pa amuna a kudambwe. Wophunzira wa ku Kachebere kapena ku Zomba amene akufuna mutu wa chimangirizo chake angachite bwino kukhala pansi ndi amayi a kwa Kaphuka kapena kwa Kasumbu, mwa chilolezo cha mafumu ndi anamkungwi, n'kuwafunsa kuti Mariya amamuona bwanji, ndani amapeka mawu ovomera, ndipo ndi nyimbo ziti zimene anakana kuimba. Akatero apitenso kwa Tambala ndi kwa Kamenyagwaza ndi mafunso omwewo okhudza zigoba za alendo.